Mzere wa Choko

Ine amene ndinkayenda pa thabwa limodzi
m'mwamba, Kapitolo ikumangidwa,
ndowa ya matope paphewa, fodya pakamwa,
anthu pansi akuoneka ngati nyerere,
ndinagwera m'bafa.
M'bafa mwanga momwe, ku Kawale,
pa simenti imene ndinasalaza ndekha.
Ndere pang'ono, kachidutswa ka sopo,
patapata wakutha chidendene,
basi.

Ndinagona pomwepo mpaka madzi anazizira m'ndowa,
ndikuwerenga misomali ya malata,
ndikufunafuna mawu oitanira mpongozi wanga
opanda manyazi m'kati mwake.
Sindinawapeze.

Chiuno chinapola. Mantha sanapole.
Ngalande ya pakhomo inakula usiku umodzi
n'kusanduka mtsinje.
Ndinasiya kupita ku bawo.
Ndinasiya kupita kumaliro, ine!
Mpando unandikwatira,
miyendo n'kuyamba kuiwala mwini wake.

Tsopano Lachiwiri lililonse m'mawa
tili m'holo ya tchalitchi, mabenchi atakankhidwira kukhoma,
ife khumi ndi atatu, mwina khumi ndi mmodzi,
kutengera mvula ndi nyamakazi.
Mtisunge, mtsikana wa kuchipatala,
wamng'ono kwa mdzukulu wanga wachiwiri,
amalemba mzere wa choko pansi
n'kuti: Yendani pamenepa,
chidendene chipsompsone chala.

Tsiku loyamba ndinaseka.
Ndinati, mwanawe, theka la tauni ino ndinamanga ndine.
Anati, chabwino bambo, imani ndi mwendo umodzi.
Ndinafika pa ziwiri.
Pa zitatu n'kuti nditakumbatira abiti Mdala,
amene mpaka lero akuti ndinachita dala.

Khalani. Dzukani. Osagwira mawondo.
Khalani. Dzukani. Kakhumi.
A Zefaniya, amene anali wapolisi wa pamsewu,
amawerenga mokuwa, koma amadumpha seveni.
Imani ndi zala, ngati mukusuzumira kwa aneba.
Tembenuzani khosi pang'onopang'ono,
ngati wakuitanani ndi uja muli naye ngongole.
Thukuta lenileni palibe pano,
anyamata othamanga kusitediyamu angatiseke.
Ndi ntchito ya nanzikambe iyi:
phazi liyambe lafunsa pansi
ngati mwadzuka bwanji,
kenako liponde.

Kunyumba ndimachitira pakhonde,
podikira madzi a tiyi.
Kamdzukulutuvi kanga Ulunji, ka chaka chimodzi,
kagwira mwendo wa tebulo, ine ndagwira mpando,
tayang'anizana.
Tili kalasi imodzi, ine ndi iko.
Kusiyana kwake, iko kakagwa kamaseka,
pansi ndi pafupi.
Kwa ine pansi ndi kutali ngati kwathu ku Mayani,
ndipo ulendo wobwerera ndi wodula.

Bafa ndinalipala ndi waya.
Ndinakhoma paipi pakhoma, yogwira potuluka.
Patapata uja ndinamuponya kudzala
popanda nyimbo, popanda ulaliki.

Dzulo ndinapita kumsika ndekha
kukagula misomali ya mainchesi anayi
imene, kunena zoona, sindikuifuna.
Pa kamlatho ka matabwa kaja
mnyamata wa thumba la kabichi anandikhula paphewa.
Dziko linapendekeka.
Ndinaona madzi a Lilongwe, ofiira, pakati pa matabwa,
ndinamvanso fungo la sopo uja.
Koma phazi lamanzere, lopusa lija,
linatuluka lokha osandifunsa,
linapeza thabwa,
n'kuima.

Palibe anaona. Mnyamata sanacheuke n'komwe.
Ndinaima pamenepo, mtima ukugunda ngati chigayo,
anthu akundilambalala,
mayi wina akuti, achikulire, tadutsaniko.
Ndinadutsa.

Lachiwiri ndikamuuza Mtisunge.
Ndikudziwa chimene akanene:
chabwino bambo, tsopano mwendo winawo.
Wamanja udakali pa sikisi,
wamanzere wafika khumi ndi zinayi,
powerenga ine, osati a Zefaniya.